Bena yakale ndi mawu a atate

Loweruka lapitali, dzuwa lili pamutu, ndinapita kwa aDaka amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Kapata. Ndinapita kukawapempha chinthu chimene sindinapemphepo munthu aliyense chibadwire: kuti ayambe aleka ntchito yawo chifukwa cha kompyuta yanga.

Anakweza chophimba kumaso chija n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anafuna kudziwa kuti geti la kasitomala wawo ndi kompyuta yanga zikukumana pati. Ndinawafotokozera kuti iwo akangokhudzitsa kandodo kawo pachitsulo, babu la m'chipinda mwanga limaphethira, ndipo kuti tsiku limenelo kuphethira kamodzi kokha kukanatha kundiphera chipangizo chimene sindingachipezenso mu Chipata muno.

"Ndiye aphunzitsi, mukuti ine ndimakuberani malaiti?"

Ndinakana. Ndinati sindinabwere ndi mlandu, ndabwera ndi pempho. Sanafunsenso zambiri. Anazimitsa makina awo, napukuta manja pa ovololo, nati apita kaye kukamwa tiyi, ndikamaliza ndiwauze.

Mwina mukuseka, awerengi. Munthu wamkulu, mphunzitsi wa jogalafe wa imvi zake, kukachonderera wowotcherera chifukwa cha kabokosi? Dikirani ndikuuzeni chimene chinali m'kabokosimo.

Atate anga anaphunzitsa m'masukulu a mishoni moyo wawo wonse. Atapuma ntchito anakakhazikika ku Chiparamba, kumene ankatsogolera kwaya ya kumpingo. Anali munthu wopeka nyimbo: za pamaliro, za paukwati, za nthawi yokolola. Sanazilembe pena paliponse. Ukawafunsa ankagogoda pachipumi ndi chala, n'kunena kuti m'menemo chiswe sichifika.

Zaka zingapo zapitazo ndinapita kumudziko ndi wailesi ya kaseti n'kuwajambula. Anaimba iwo ndi amayi, atakhala pakhonde. Pakati pa nyimbo ankafotokoza kuti iyi anaipeka liti, chifukwa cha ndani. Pena akumveka akutsokomola, pena akuseka, pena akukalipira mbuzi imene inkafuna kudya chingwe cha wailesi.

Chaka chatha anadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, ndipo mawu anawachoka. Amamva zonse zimene mukunena, amagwedeza mutu, amakwiya, amamwetulira. Koma akatsegula pakamwa pamangotuluka kaphokoso kamodzi komweko, kaya akufuna madzi, kaya akukupatsani moni.

Kuyambira pamenepo kaseti ija inasanduka chuma. Ndipo mukudziwa mmene timachitira ndi chuma cha pabanja: aliyense amafuna kuchigwira. Azakhali anaibwereka. Msuweni wina anapita nayo ku Katete, n'kubwera nayo ili ndi fumbi. Mawu a atate anayamba kumveka ngati akuimbira pansi pa madzi.

Amene anandithandiza ndi Mayi Sakala, mnzanga wa kuntchito amene amaphunzitsa ana kutaipa ndi za makompyuta. Tinalumikiza wailesi ku kompyuta yanga ndi kachingwe, n'kusamutsira zonse za m'kasetimo mkati mwa kompyuta. Tinachita mwayi. Pasanapite nthawi wailesi inatafuna kaseti ija. Ndinayesa kuibweza ndi pensulo, ndinayesa kuimata ndi selotepi, koma inangodukaduka ngati ulusi wovunda.

Ndiye taganizani. Mawu a atate anga, padziko lonse lapansi, anatsala pamalo amodzi okha: mkati mwa kompyuta imene ili pathebulo la m'chipinda mwanga.

Kompyutayo si yatsopano. Anandibweretsera ndi alamu anga pochokera kusukulu kunja, ndipo nawonso anaigula kwa munthu amene anali atatopa nayo. Ndi salaula, kaunjika uja wa zovala, kungoti wa makina. Inabwera ndi chipangizo cholembera masidi, chimene anyamata a m'tauni amachitcha bena, ndipo kulembako amati kubena. Ndinali ndisanachigwiritsepo ntchito, chifukwa masidi opanda kanthu sapezeka m'mashopu athu ano.

Mwezi watha kompyutayo inayamba kulira mwachilendo ndikaiyatsa. Tiki, tiki, tiki, kenako n'kukhala chete. Mayi Sakala atamva kaphokosoko anakwinya nkhope. Anati ndi hadidisiki, kumene kumasungidwa zonse, ndipo ikayamba kutero imatha kukhala chaka, imathanso kufa mawa. Onjezanipo nkhani ili m'kamwam'kamwa masiku ano, yoti tikamalowa chaka cha 2000 makompyuta akale adzasokonekera mutu. Kaya ndi zoona kaya ndi zongoopsezana, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayamba kuopa kuiyatsa, ndiponso kuopa kuisiya yosayatsa.

Sabata yathayi mlongo wanga Esinati, amene ndi namwino ku Lilongwe, anabwera kudzaona atate. Anadutsa pa malire a Mwami ndi kabokosi ka masidi opanda kanthu, atakakulunga m'chitenje ngati mazira. Anati abwerera Lolemba, ndipo sachoka wopanda mawu a atate m'chikwama.

Tinayamba Lachinayi nditaweruka. Ndinaika sidi m'bena, kathireyi kanalowa, mkati munamveka kuzungulira, kanyali kobiriwira kanaphethiraphethira. Kenako kompyuta inandiuza kuti ndiike sidi. Ndinaitulutsa, n'kuibwezanso. Inandiuzanso kuti ndiike sidi. Ndinayesa ina, chimodzimodzi. Ina inavomera, mtima wanga n'kukhala pansi, koma itafika pakati inaima n'kuilavula. Ndipo sidi si kaseti yoti mungafufute n'kujambulanso. Ikalephera pakati, yatha ntchito. Mungoikirapo kapu ya tiyi.

Kodi munaona mmene madokotala amachulukira makina akadwala? Mnzanga wina anati ndiuziremo mpweya. Wina anati ndipukute kagalasi ka mkati ndi thonje la sipiriti. Wina, munthu wolemekezeka ndithu, anati ndiimenye pambali ndi chikhatho, chifukwa wailesi yake ya kanema imamvera akaitero. Aliyense ankalankhula motsimikiza, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataonapo bena ndi maso ake. Ndinauzira, ndinapukuta. Kumenya kokha ndinakana. Masidi a Esinati ankangochepa m'kabokosi muja.

Lachisanu ndinakaulula zonse kwa Mayi Sakala. Chimene ndimawakondera mayiwa n'chakuti akapanda kudziwa amanena kuti sakudziwa. Anati nawonso sanabenepo sidi chiyambire, koma ali ndi mnzawo pa ofesi ina m'tauni pamene pali intaneti, ndipo akafufuza pa nthawi ya nkhomaliro.

Anabwerako ndi disiketi, kachimbale kakang'ono konyamulira mafayilo, m'manja ndi nkhope ya munthu wobweretsa uthenga wosakoma. Anandifotokozera kuti mkati mwa bena muli kapulogalamu kakekake kamene kamaiuza mmene ingazindikirire sidi ndi mmene ingailembere. Dzina lake amati femuweya. Bena yanga inapangidwa masidi a masiku ano asanabwere, choncho ikawaona siiwadziwa. Mankhwala ake ndi kuiika femuweya yatsopano, ndipo anali ataikopera pa disiketi ija, ngakhale kuti foni ya pa ofesipo inkangoduka, mpaka nkhomaliro yawo inapita osadya.

Ndinayamba kuthokoza, koma anandiletsa. Anati pali zinthu ziwiri. Choyamba, anapeza mafayilo awiri a mabena awiri ofanana maina, osiyana chilembo chimodzi chokha kumapeto, ndipo ndikaika ya bena ina m'bena yanga, ndaipha. Chachiwiri, femuweya yatsopano ikamalowa, yakale imakhala ikufufutidwa. Malaiti akangothima pakati pamenepo, bena imatsala yopanda yakale, yopandanso yatsopano.

Ndinafunsa ngati zikatero pali amene angaikonze.

"Kuno ayi, aphunzitsi. Mwina ku Lusaka, koma nakonso ndikukayika."

Iwo sakanatha kubwera Loweruka chifukwa anali ndi kicheni pate ya mwana wa mchemwali wawo, phwando lija la azimayi lolangiza mkwatibwi. Anandiuza zoyenera kuchita, n'kundibwerezetsa ngati mwana wa giredi wani mpaka atakhutira.

Inu amene mumakhala m'tauni muno, ndiuzeni: ndi liti pamene munalumbirapo kuti malaiti sathima m'mphindi zikubwerazi? M'nyengo ino ya mvula? Kuno mphezi ikang'anima kuseri kwa phiri, ife timayamba kufunafuna machesi.

Loweruka m'mawa ndinatenga sikuludiraiva n'kutsegula kompyuta, koyamba m'moyo wanga. Mkati munali fumbi la mayiko awiri ndi kangaude wakufa. Ndinamasula bena pang'ono kuti ndione kapepala komata pamwamba pake. Chilembo chomaliza, chomwecho chimene ndinkachifuna, chinali chitafufutika theka. Ine ndinkaona ngati ndi B, Esinati ankaona ngati ndi R. Tinaunika ndi tochi, tinasinthana magalasi, tinatsala pang'ono kukangana. Kenako ndinakumbukira kuti kompyuta ikamayaka imaonetsa maina a zipangizo zake pa sikirini, kungoti amadutsa mothamanga. Ndinabwezeretsa zonse, n'kumaiyatsa ndi kuizimitsa, Esinati atayandikitsa nkhope pa sikirini, hadidisiki ikulira tiki, tiki, ine mtima ukulira nayo. Pomaliza anachigwira. Chinali R. Ndikanatsatira maso anga, nkhani ino ikanathera pomwepa.

Ndi pamene ndinapita kwa aDaka paja. Pobwerako ndinapeza akazi anga, amake Misozi, atazimitsa sitovu, firiji ndi ayironi, ngati kuti zimenezo zingawanyengerere a malaiti. Ndinayang'ana kumwamba. Cha kum'mawa, mbali ya ku Mwami, mitambo inali itayamba kuda.

Ndidikire mvula idutse? Nanga ikathimitsa malaiti mpaka Lolemba, monga inachitira mwezi watha? Ndiyambe tsopano? Nanga ikandipeza pakati? Ndinaima pakhomo ndikuyeza mitambo ndi maso, ine amene ndimaphunzitsa ana za mitambo, ndipo maphunziro onsewo sanandiuze kanthu.

Ndinalowa, n'kuika disiketi. Sikirini inada, n'kutsala ndi timalemba toyera. Ndinataipa dzina la fayilo ndi chala chimodzi, ndikuwerenga chilembo chilichonse mokweza, Esinati akuvomera kumbuyo kwanga. Kompyuta inandichenjeza m'Chingerezi kuti ndisazimitse, ndisakhudze kanthu, ndipo inafunsa ngati ndatsimikiza.

Kodi ndinali nditatsimikiza? Ayi. Koma ndinadina.

Timadontho tinayamba kuyenda pa sikirini, kuchoka kumanzere kupita kumanja. Kamodzi, kena, kena. Titafika cha pakati tinaima. Kanyali ka bena kanasiya kuphethira n'kungoyaka. M'nyumba monse munali zii. Kunja mphepo inagwetsa beseni, ndipo patali kunagunda bingu, lija lalitali limene limamveka ngati ngolo ikudutsa pamlatho.

Ndinayang'ana babu. Sindikudziwa kuti ndinaliyang'ana nthawi yaitali bwanji. Pawindo panaoneka mutu wa munthu: aDaka, kapu ya tiyi ili m'manja, atabwera kudzaona chimene chawaimitsira ntchito. Nawonso anayang'ana babu.

Timadontho tinayambanso kuyenda. Tinafika kumapeto, ndipo kompyuta inati zatheka, ndiiyambitsenso.

Ndinadina mabatani oiyambitsiranso, ndikumwetulira kale. Itayaka ndinapita pamene pamaoneka zipangizo zonse. Hadidisiki inalipo. Disiketi inalipo. Bena panalibe. Ndinayambitsanso. Panalibe. Ndinadina batani lotulutsira kathireyi, koma sikanatuluke.

Awerengi, ndinati basi, ndaipha ndi manja anga, ndipo malaiti sanathime n'komwe. Ndinagwira disiketi ija kuti ndibwereze zonse, mwinanso ndiyese fayilo inayo, poti mwina chilembo chija chinali B ndithu. Esinati anandigwira dzanja.

"Alongo, kuchipatala sitibaya jakisoni wachiwiri tisanadziwe chimene woyamba wachita. Tiyeni tikawafunse amene anakupatsani."

Ndiye ndinauyamba wa ku kicheni pate. Mukudziwa kuti kumeneko mwamuna saponda. Ndinaima kunja kwa mpanda wa holo ngati wakuba, ng'oma zikulira mkati, azimayi akululutira, madontho oyamba a mvula akundigwera pamutu. Amake Misozi ndi amene analowa. Patapita kanthawi Mayi Sakala anatuluka atavala chitenje chofanana ndi cha anzawo onse, thukuta lili kamukamu. Anamvetsera, naganiza pang'ono, kenako anafunsa ngati ndinaizimitsa kompyutayo kapena ndinangoiyambitsanso. Ndinati ndinangoiyambitsanso, monga inandiuzira. Anati pa intaneti paja anawerenga kuti mabena ena sadzuka mpaka malaiti atachokeratu m'thupi mwawo. Ndikazimitse pakhoma, ndizule pulagi, ndidikire pang'ono, ndiyatsenso. Anawonjeza kuti sakulonjeza.

Ndinabwerera chothamanga, amake Misozi akundikuwira kumbuyo kuti ndigwa. Ndinazula pulagi. Ndinaima nayo m'manja ndikupuma ngati galu. Ndinaibwezera, n'kuyatsa. Tiki, tiki, tiki. Kenako mkati mwa bena munamveka kaphokoso kakang'ono, kanyali kanaphethira, ndipo nditadina batani kathireyi kanatuluka pang'onopang'ono ngati lilime.

Ndinaika sidi. Inaizindikira nthawi yomweyo.

Mukuganiza kuti zinathera pamenepo? Chimwemwe chinandipusitsa. Ndinasankha liwiro lalikulu kuti timalize mvula isanakule, n'kukhala pansi manja ali pachifuwa. Ili mkati mobena, pa sikirini panatulukira tinsomba tija timasambira kompyuta ikakhala nthawi osakhudzidwa. Hadidisiki inalira, bena inadikira mawu amene sanafike pa nthawi yake, ndipo inalavula sidi ina yowonongeka. M'kabokosi munatsala awiri: imodzi ya Esinati, imodzi ya ku Chiparamba. Yanga ndinali nditaiiwala kale.

Apa ndinachita zinthu ngati munthu wonyamula mwana wakhanda. Ndinachotsa tinsomba tija. Ndinatseka china chilichonse chimene chinali chotsegula. Ndinasankha liwiro lotsikitsitsa. Ndinapempha kuti pasapezeke woyenda pafupi ndi thebulo, chifukwa simenti ya m'chipindamo ili ndi malo ena amene amagwedeza mwendo wa thebulo. ADaka, amene tsopano anali atalowa m'nyumba kuthawa mvula, anakhala pampando wa pakona osasuntha ngakhale phazi. Geti la kasitomala wawo linali likunyowa panja.

Pa liwiro limenelo sidi imatenga nthawi yofanana ndi kutalika kwa nyimbo zonse. Tinakhala pamenepo, anthu anayi akuluakulu, tikuyang'ana kamzere kakukwawa, mvula ikuwomba malata. Itatha, ndinaiika mu wailesi ya sidi imene Esinati anabwera nayo. Munamveka kaphokoso ka mphepo, kenako mawu a atate, athunthu, akufunsa ngati chayamba kujambula.

Esinati anatuluka m'chipindamo. ADaka anafunsa kuti amenewo ndi ndani, ndipo nditawauza anavula chipewa.

Yachiwiri inathekanso. Malaiti anathima pamene ndinkalemba dzina la atate pa sidiyo ndi cholembera, ndipo sanabwerenso mpaka Lamulungu masana.

Tsopano ndiloleni ndinene chimene chakhala chikundisowetsa mtendere sabata yonseyi.

Makina awa tikuwalandira ndi manja awiri, ndipo n'zoyenera. Koma ambiri amafika kuno atakalamba kale, opanda buku lake, opanda munthu wowadziwa. Amene anawapanga anawaiwala, ali kalikiliki ndi atsopano. Akadwala, ife timatsala ndi kuuzira, kupukuta ndi kumenya. Komabe ndi m'makina omwewa mmene tikuthiramo zinthu zimene sitingazipezenso. Ndi maukwati angati a m'tauni muno amene ali pa matepi a vidiyo amene achita nkhungu m'kabati? Ndi maofesi angati amene asamutsira zonse mu kompyuta imodzi, ya mphatso, imene munthu mmodzi yekha ndiye amadziwa kuiyatsa? Munthuyo akasamutsidwa? Kompyutayo ikayamba kulira tiki, tiki?

Ndipo pali china chimene chimandiopsa kuposa pamenepa. Chinthu tikangochijambula, mitima yathu imagona. Timati chasungika. Kale nyimbo inkasungidwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo mmodzi akamwalira ena ankapitiriza. Lero timaipereka kwa kaseti, n'kupita kukachita zina. Kwaya ya ku Chiparamba masiku ano ili ndi kiyibodi ya mabatire, ndipo imaimba zimene achinyamata amva pa wailesi. Sindikuwadzudzula, amaimba bwino. Koma nyimbo za atate zatsala pakamwa pa azimayi ochepa okalamba, ndi pa kambale konyezimira kamene kangathe ndi kukalika kumodzi.

Izi sindinaziganize ndili pa kompyuta. Ndinaziona Lamulungu.

Titatuluka m'tchalitchi, ine ndi Esinati tinakwera minibasi ya ku Chiparamba, wailesi ili pamiyendo. Tinawapeza atate atakhala pampando wawo pakhonde, bulangete lili pamaondo, amayi akuwadula zikhadabo. Titapereka moni, Esinati anagwada pafupi nawo n'kuwauza kuti tawabweretsera mlendo. Anaika wailesi pa kasitulu, nadina batani.

Mawu aja atafunsa ngati chayamba kujambula, atate anadzidzimuka n'kuyang'ana uku ndi uku. Amayi anagwira pakamwa. Kenako munamveka kukalipira mbuzi kuja, ndipo atate anaseka, kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope. Nyimbo yoyamba inayamba, ya munthu wobwerera kumudzi atakolola zochepa koma akuthokozabe. Dzanja lawo lamanzere linayamba kugunda pa bondo, monga ankachitira kutsogolo kwa kwaya.

Pa ndime yachiwiri ndinamva mawu a mwamuna awiri. Ndinaganiza kuti sidi yawonongeka, kuti bena ija yandichita chipongwe pomaliza, ndipo ndinatambasula dzanja kuti ndiimitse. Amayi anandimenya padzanjapo.

Anali atate. Ankaimba. Osati kaphokoso kaja ayi, koma mawu enieni, olemera, okokeka ngati a munthu amene wangodzuka kumene, koma mawu. Munthu amene chaka chathunthu sanathe kunena kuti madzi ankaimba ndime yonse pamodzi ndi mwini wake wa zaka zapitazo. Amayi analowa ndi mawu awo aang'ono aja, misozi ikutsika osaipukuta.

Nyimbo itatha ndinagwada n'kuwafunsa kuti, "Atate, mwaimba?" Anandiyang'ana, natsegula pakamwa, ndipo panatuluka kaphokoso kaja. Esinati anandiuza pambuyo pake kuti kuchipatala anaonapo zotere: ena amene sitiroko inawalanda kulankhula amatha kuimba nyimbo zimene anazidziwa kale. Anati ndisayembekeze zambiri, koma anatinso kuimba kotero kumawathandiza ena, makamaka pakakhala owaimbitsa tsiku ndi tsiku.

Owaimbitsa. Ine ndi Esinati tinayesa kulowa pa nyimbo yotsatira, ndipo tinapeza kuti timadziwa poyambira ndi pobwereza pokha. Pakati ponse tinkangong'ung'udza. Atate anatiyang'ana ndi diso lija la mphunzitsi, dzanja likugundabe pa bondo, ngati akuti lowani, bwanji simukulowa?

Ndiye musandimve molakwa. Popanda bena yakale ija, popanda disiketi ya Mayi Sakala ndi tiyi wa aDaka, atate sakanaimba tsiku limenelo. Makinawo anagwira ntchito yake. Amene sanathe kugwira yawo ndi ana awiri ophunzira amene anakhala pakhondepo.

Esinati anaisiya wailesi ija kumudzi. Anawaonetsa amayi batani loyatsira, lobwerezera ndi loimitsira, n'kuwachenjeza kuti sidi isagwidwe kunsi ndipo isasiyidwe padzuwa. Amayi anamvetsera zonse mosamala. Tikutsanzika anandikokera pambali.

"Nanga mabatire akatha, tiziimba ndi ndani?"

Ku Chiparamba kwathuko kulibe malaiti, ndipo wailesi ya sidi imadya mabatire ngati njala. Ndinawalonjeza kuti ndizibweretsa. Koma mu minibasi pobwerera ndinazindikira kuti funso lawo silinali la mabatire okha.

Lolemba Esinati anawoloka pa Mwami ndi sidi yake. Kusukulu ndinawafunsa Mayi Sakala kuti masidi amenewa amakhala zaka zingati. Anati sakudziwa, ndipo akukayika ngati alipo amene akudziwa, poti zinthuzi n'zatsopano. Tsiku lomwelo ndinapempha amayi, kudzera kwa kondakitala wa minibasi, kuti Loweruka lililonse azindisungira nthawi masana. Ndikufuna andiphunzitse, ndime ndi ndime, ndipo mwana wanga Misozi ndizipita naye, afune asafune.

Inu awerengi, kwanu kuli munthu amene ali ndi zake m'mutu: nyimbo, maina a makolo, malire a munda, mankhwala a chifuwa cha mwana. Lero akadalankhula. Mwina munamujambula kale, ndipo mtima wanu uli m'malo. Koma atati atsegule pakamwa mawa n'kuyamba ndime yoyamba, akuyang'ana inu kuti mulandire, mudzalandira?